Kope Lowonda

1. Dzina lolemera

Kuyambira ku pulayimale, mtsikanayu sadalawepo nambala ina pa masamu kupatula nambala wani. Anzake adayamba kumutchula Nambalawani, koma dzinalo litawatalikira pakamwa adalidula n'kutsala Wani. Dzina lake lenileni lidatsalira m'kaundula wa sukulu. Ngakhale amayi ake, omwe anali namwino pachipatala, ankamuitana Wani, ndipo anzawo onse a kuntchito adali atatopa nako kumva kuti mwanayu adzakhala injiniya womanga milatho.

Atafika Folomu 3, Wani adasankhidwa kulowa kalasi ya masamu owonjezera. Masamu amenewa ndiwo khomo la aliyense wofuna kudzaphunzira uinjiniya. Wopanda masamuwa, za milatho amangozionera pa zithunzi.

Mphunzitsi wa kalasiyo anali bambo wina wamfupi, wadazi, wa choko m'matumba onse. Ana ankawatchula a Onetsanjira, chifukwa ukawapatsa yankho, ngakhale lolondola chotani, iwo ankangopukusa mutu n'kunena kuti, "Onetsa njira."

Tsiku loyamba adaima kutsogolo, nasasa fumbi la choko m'manja.

"Tengani makope anu atsopanowo," adatero. "Lembani nambala pakona ya pepala lililonse, kuyambira 1 mpaka 80. Labala mukasiye kunyumba, muno timalemba ndi bolopeni. Ukalakwitsa, dula mzere umodzi pa cholakwacho, chizionekabe, kenaka upitirize m'munsi mwake. Yankho ine ndili nalo kale, lili kumapeto kwa buku. Chimene ndilibe ndi njira imene mutu wako wadutsa. Ukandibisira pamene wagwera, ine ndikakudzutsa pati? Muno mulimo anthu makumi anayi. Teremu ikamatha ndidzatenga makope onse n'kuwawerenga kuyambira pepala loyamba, ndipo opitirira adzakhala makumi awiri ndi asanu okha. Otsalawo adzabwerera ku masamu a aliyense."

Wani adalemba manambalawo akumwetulira. Chenjezolo adaliona ngati la anthu ena.

2. Tandipatse ndikuonere

Masabata awiri oyambirira zinthu zidayenda bwino lomwe. Sabata yachitatu a Onetsanjira adayambitsa mafankishoni. Pambuyo pake padabwera sayini ndi kosayini, ndi magalafu okwera n'kutsika ngati mbozi ikuyenda. Aphunzitsi akafunsa ngati onse amva, Wani ankagwedeza mutu msanga kuposa aliyense, pamene m'mutumo munali mutada bii.

Madzulo ena adakhala patebulo la pabalaza nalemba ntchito ya kunyumba. Atamaliza adatsekula kumapeto kwa buku, ndipo yankho lake silidafanane ndi la m'bukumo. Adabwerezanso, zidakanika. Adabwereza kachitatu mpaka pepala lonse lidada ndi mizere yodula. Adaliyang'ana pepalalo, manyazi adamugwira ngakhale panalibe womuona. Adacheuka kuyang'ana kukhitchini, kenaka adaling'amba pang'onopang'ono kuti lisamveke.

Kope lija linali la mapepala opinda pakati, ogwidwa ndi timawaya tiwiri. Kope lotere ukang'amba pepala la kutsogolo, lina la kumbuyo limathothoka lokha, chifukwa awiriwo ndi pepala limodzi. Wani sadadandaule, poti lothothokalo linali losalembapo. Onse awiri adawakwinya n'kuwalowetsa m'chikwama chake cha mabuku, pamalo pamene nsalu ya m'kati inali itang'ambika. M'bini ya panyumba sakadataya, chifukwa ankakhuthula ndi amayi ake.

Pa desiki ankakhala ndi mtsikana wina wotchedwa Wayilesi. Dzinali adamupatsa chifukwa akayamba kuyankhula panalibe pozimitsira. Wayilesi sankadziwa kuti manyazi n'chiyani. Aphunzitsi asanamalize kulemba, mkono wake unali uli kale m'mwamba.

"Aphunzitsi, ine ndatsalira pa mzere wachiwiri paja. Tabwererani mudzanditenge."

Kalasi yonse inkaseka, iye n'kumaseka nawo. Kope lake linkaoneka ngati pamene papalasa nkhuku, mizere yodula paliponse. Koma m'munsi mwa zokhwatchakhwatchazo yankho linkatuluka lolondola.

M'mawa mwake belu lisanalire, Wani adamugwira Wayilesi pamkono.

"Tandipatse kope lako ndikuonere ngati wakhoza."

"Ee, undionere mnzanga," adatero Wayilesi mosangalala. "Paja iwe ndiwe Wani. Ine ndiye zandisokoneza mutu, ndachita kulota sayini akundithamangitsa."

Wani adatenga kopelo, napita nalo kuseri kwa laibulale. Kumeneko adakopera njira yonse yolondola, akudumpha mizere yodulidwa. Pobweza adati, "Wakhoza. Koma uziyesetsa kulemba mwaukhondo."

Wayilesi adathokoza kwambiri. Mawu othokozawo adamuwotcha Wani mumtima tsiku lonse, koma m'mawa wotsatira adapemphanso kopelo. Lachisanu lililonse a Onetsanjira ankachonga ntchito ya sabata imeneyo yokha, ndipo kope la Wani linkabwerera loyera, lodzaza ndi zochonga zofiira. Kunyumba ankayesabe yekha, ndipo pepala limene walakwitsapo ankaling'amba. Zidayenda choncho masabata asanu ndi awiri.

3. Pepala nambala 11

Paja amati masiku a wakuba ndi makumi anayi. Tsiku la Wani lidakwana atadutsa pakati pa kope.

Lachinayi lina madzulo adang'amba pepala nambala 70, ndipo nthawi imeneyi lothothoka lidali la kutsogolo, pepala nambala 11. Limeneli silinali losalembapo ayi. Linali la masiku abwino aja, lokhala ndi ntchito yake yeniyeni, ndipo m'munsi mwake a Onetsanjira adalembapo ndi inki yofiira kuti, "Wakhoza bwino kwambiri. Pitiriza." Wani adalephera kulikwinya. Adangolibwezera m'kope lili lendelende.

Lachisanu m'kalasi, pamene ankatsekula kope, pepalalo lidapulumuka, lidauluka pang'ono n'kukatera pa nsapato ya aphunzitsi. A Onetsanjira adawerama nalitola. Adayang'ana nambala ya pakona, kenaka adanyamula kope la Wani ndi zala ziwiri n'kuliyeza kulemera.

"Kodi kope lakoli likudwala? Lawonda bwanji?"

"Lili pa kusala kudya, aphunzitsi," adayankhira Wayilesi. "Langa ndi limene likudya gawo lake."

Kalasi idafa ndi phwete. Wani adayesa kuseka nawo koma milomo idakana. Aphunzitsi sadaseke. Adaika pepalalo pa desiki, natembenukira kwa onse.

"Lolemba m'mawa ndikufuna makope onse patebulo langa. Mndandanda wa opitirira ndidzaupachika Lachitatu."

Pa nthawi yopuma Wani adakabisala kuseri kwa laibulale n'kuwerenga mapepala a m'kope mwake. Mwa makumi asanu ndi atatu aja mudatsala makumi anayi ndi asanu ndi limodzi. Manambala a pakona ankadumphadumpha ngati mano a munthu wa magweru. Madzi anali atafika m'khosi.

Poweruka anali atapeza kale nzeru. Kunyumba anali ndi kope latsopano. Akadakopera ntchito yonse ya teremu m'menemo, n'kudzanena kuti lakale lagwera m'madzi. Chimene chinkafunika ndi kope la Wayilesi basi.

"Undibwereke mpaka Lolemba," adamuuza pageti. "Ndikuonere lonse asanalitenge."

"Iwe ndiye mnzanga weniweni," adatero Wayilesi akumupatsa. "Ukapeza zolakwa usandibisire, wamva? Ine kalasi imeneyi ndikuifuna. Bambo anga ndawauza kale kuti ndidzakhala wokonza ndege, ndipo auza msewu wonse."

4. Zimene zidatuluka m'chikwama

Loweruka m'mawa amayi a Wani sadapite kuntchito. Adatulutsa mabeseni kuseri kwa nyumba n'kuyamba kuchapa. Wani adakhala pabalaza, kope latsopano kumanja, la Wayilesi kumanzere, akukopera mwaliwiro mpaka zala zidayamba kuwawa. Sadaone kuti chikwama chake chachoka pa msomali.

Adangomva mapazi. Atadzutsa mutu adaona amayi ake ataima pakhomo, thovu la sopo lili m'mikono, atafumbata mulu wa mapepala okwinyika.

"Wani, chikwamachi ndimati chanenepa ndi chiyani. Izi n'zotani?"

"N'zosafunika, amayi. Mungotaya."

"Zosafunika umazisunga m'kati mwa nsalu?"

Adaika muluwo patebulo, napukuta manja pa epuloni. Adawongola pepala limodzi, kenaka lina. Masamuwo sankawadziwa, koma manambala a pakona adawaona. Adayang'ana kope lowonda lija, latsopano lija, ndiponso lachitatu lokhala ndi dzina la mwana wa eni ake.

"Kope ili ndi la ndani?"

"La mnzanga. Ndimamuonera ngati wakhoza."

"Ukumuonera? Nanga bwanji wolemba ndiwe?"

Wani adazyolika. Misozi idayamba kudontha pa kope latsopano lija, inki n'kumasungunuka. Kenaka zonse zidatuluka: zoti kuyambira sabata yachitatu sakumva kanthu, zoti ntchito yonse yochongedwa ndi ya Wayilesi, ndi zoti Lolemba makope akutengedwa.

"Nanga osafunsa aphunzitsi bwanji?"

"Ndikanafunsa bwanji, amayi? Aliyense amati ndine Wani. Inunso mumauza anthu."

Amayiwo adakoka mpando nakhala. Adasisita pepala limodzi ndi chikhatho.

"Pamenepo wanena zoona," adatero. "Ndinakusenzetsa katundu ndi pakamwa pangapa. Koma tsopano mvetsera, ndikuuze nkhani imene sindinauzepo ngakhale bambo ako.

"Chaka changa choyamba cha unamwino, m'wodi mwathu munali bambo wina wodwala shuga. Wodwala aliyense amakhala ndi pepala lake kumiyendo kwa bedi, pamene timalembapo zonse zimene tamuchita. Tsiku lina m'mawa ndinamubaya jakisoni wotsitsa shuga, ndinalemba. Kenaka ndinamuyeza kutentha kwa thupi, ndipo m'malo molemba 39 ndinalemba 93. Dzanja linangoterereka. Lamulo lake ndi lodziwika: umadula mzere umodzi, cholakwacho chiziwerengekabe, ulembe cholondola pambali, usayine. Koma ine kusukulu ndinali wanzeru wa m'kalasi, ngati iwe. Ndinaganiza za adokotala akubwera ndi gulu lawo, akuwerenga 93, akuseka kuti namwino watsopanoyu waphika wodwala. Ndinatenga pepala latsopano, ndinakopera zonse mwaukhondo, lakale ndinaponya m'bini.

"Pokopera paja ndinadumpha mzere umodzi, wa jakisoni uja. Ine nditapita kukatenga mankhwala, mnzanga anafika, anaona kuti pepala silikusonyeza jakisoni, anabaya wachiwiri. Nditabwerera ndinapeza bambo aja atakomoka, thukuta lili kamukamu, akazi awo akugubuduzika pansi. Madokotala anathamanga, ndipo mwa chisomo bambowo anatsitsimuka. Asisitala, mkulu wa anamwino m'wodimo, anakhuthula bini ndi manja awo mpaka analipeza pepala lija. Anandiitana. Sanandikalipire ayi, kukanakhala bwino akanakalipa. Anangoti, 'Cholakwa chako choyamba chinali cha dzanja, tikanangoseka n'kuiwala. Chachiwirichi ndi cha manyazi, ndipo chikanapha munthu.'

"Mwanawe, pepala loyera silichiza munthu. Wobisa chilonda kwa dokotala amadzadulidwa mwendo. Ndipo chimene ndinaphunzira tsiku limenelo n'chakuti ukamabisa cholakwa chako, wovulala nthawi zambiri amakhala wina amene sakudziwa n'komwe."

Adanyamuka, nalowa kuchipinda. Pobwera adali ndi singano yaikulu ndi ulusi wakuda. Adaziika patebulo, pakati pa kope latsopano ndi mulu wa mapepala uja.

"Ine ndikukayanika zovala. Kope ndi lako, sukulu ndi yako. Usankhe wekha."

5. Ulusi wakuda

Wani adatsala yekha. Panja pankamveka madzi akudontha kuchokera ku zovala za pachingwe. Adatenga bolopeni, nalemba mzere umodzi m'kope latsopano lija, koma adalekeza pomwepo. Adayang'ana singano ija nthawi yaitali. Kenaka adatseka kope latsopanolo, natsekanso la Wayilesi n'kuliika pamwamba pa kabati.

Amayi ake pobwera ndi beseni lopanda kanthu adamupeza atayatsa simbi, akusita mapepala limodzilimodzi pa thaulo. Adangokhala pansi n'kuyamba kuwasanja motsata manambala.

Mapepala olembapo zolakwika adakwana khumi ndi asanu ndi awiri. Ena onse anali anzawo othothoka aja. Ntchitoyo idawatengera mpaka masana. Wani ankagwira, amayi ake akuboola ndi kusoka m'mphepete, mfundo iliyonse yolimba.

"Ndasoka mitu ya anthu oledzera, ndasoka mapazi a ana opalasa njinga," adatero amayiwo akudula ulusi ndi mano, "koma wodwala wopanda phokoso ngati uyu sindinamuone."

Wani adaseka misozi ili m'maso. Kope lija lidatuluka lonenepa, lokhotakhota, losafuna kutsekeka bwinobwino. Panalibe kope lonyansa kuposa limenelo m'sukulu monse, ndipo manambala ake adayenda kuyambira 1 mpaka 80 osadumpha.

6. Onetsa njira

Lolemba Wani adalawirira. Pageti adakumana ndi Wayilesi akuthamanga.

"Kope langa, mnzanga! Wapezamo zolakwa zingati?"

"Dikira pang'ono, ndikubwera," adatero Wani osamuyang'ana kumaso. Adalunjika ku kachipinda ka aphunzitsi a masamu, kumapeto kwa khonde.

Kachipindako kanali kodzaza ndi mabuku ndi mabokosi a choko. Chitseko chake chinali chofufuma ndi chinyezi, sichinkatsekeka chonse. A Onetsanjira anali akusongola pensulo. Wani adaika kope losokedwa lija patebulo, naimirira manja ali kumbuyo.

"Aphunzitsi, ndinkang'amba mapepala amene ndalakwitsa. Ndawabwezeramo onse."

Aphunzitsiwo adavala magalasi. Adakhudza ulusi uja ndi chala, natsekula. Adawerenga pepala lokwinyika loyamba, lachiwiri, lachitatu. Kwa Wani zidali ngati akumuvula zovala pagulu. Atafika pa lachisanu ndi chitatu adayamba kugwedeza mutu.

"Sendera kuno. Apa panali sikweya ruti ya 9 kuphatikiza 16, zonse m'mabulaketi. Iwe walemba 3 kuphatikiza 4. Tandiuza, 9 kuphatikiza 16 ndi zingati?"

"25."

"Sikweya ruti ya 25?"

"5."

"Nanga iwe unapeza zingati?"

"7," adayankha motsitsa mawu.

"Taona apanso. Sayini wa 30 kuphatikiza 60. Iwe wawagawa, sayini wa 30 payekha, sayini wa 60 payekha, kenaka wawaphatikiza. Tsekula pepala lina. Chimodzimodzi. Linanso. Chimodzimodzi. Ukuitenga fankishoni ngati nambala yochulukitsa chilichonse cha m'mabulaketi. Fankishoni si nambala, ndi makina. Za m'mabulaketi zimayamba zasakanikirana, kenaka zimalowa m'makinamo pamodzi. Ukasakaniza penti wachikasu ndi wabuluu usanapake, khoma limatuluka lobiriwira. Ukapaka wachikasu uku, wabuluu uko, lobiriwira ulipeza kuti?"

Adamupatsa bolopeni. "Tabwereza iyi ya sayini. Onetsa njira."

Wani adawerama. Dzanja lidayamba kulowera njira yakale ija, koma adaima, nadula mzere umodzi pa zimene adalembazo. M'munsi mwake adaphatikiza 30 ndi 60, napeza 90. Sayini wa 90 ankamudziwa, ndi 1. Adayang'ana yankholo kukamwa kuli yasa.

"Basi?"

"Basi," adatero a Onetsanjira akuvula magalasi. "Mapepala khumi ndi asanu ndi awiri, ndipo pafupifupi onse matenda ake ndi amodzi. Zina zonse ukuyenda bwino, mutu uli nawo. Ukanandionetsa pepala loyamba lija sabata yachitatu, tikanathana nazo m'mphindi khumi. Iwe wavutika nazo masabata asanu ndi awiri uli wekha. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Ine ndaphunzitsa zaka makumi atatu, ndipo ana amene amandidetsa nkhawa si olephera ayi. Wolephera amakweza mkono. Amene amandidetsa nkhawa ndi anzeru amene sanagwepo, chifukwa tsiku loyamba kugwa amakwirira dzenje ali momwemo. Mlatho umene ukufuna kudzamanga uja, mng'alu ukadzaoneka, udzaupaka penti? Pamwamba pake padzadutsa mabasi odzaza ndi ana a anthu."

Wani adamva ngati wina wamutula mtolo wa nkhuni. Adatambasula dzanja kuti atenge kope, koma aphunzitsi adaikapo chikhatho.

"Sitinathe."

7. Mndandanda

A Onetsanjira adatsekula kabati ya patebulo n'kutulutsa pepala la mayina makumi awiri ndi asanu. Dzina la Wani linali pamwamba penipeni, lolembedwa ndi inki. Wani adatsitsa maso mpaka kumapeto, nabwereranso. Dzina la Wayilesi panalibe.

"Mndandandawu ndinaulemba kale sabata yatha, makope ndimangofuna kutsimikizira," adatero aphunzitsi. "Mnzako wokhala nawe desiki imodzi ndinamuchotsa. Masabata asanu ndi awiri, ntchito yake ndi yako zakhala zikufanana mzere ndi mzere. Tsiku lina nonse awiri munaiwala chizindikiro chochotsera pamalo amodzimodzi. Ndinadzifunsa kuti pa awiriwa wokopera ndani, wa nambala wani kapena wofunsa mafunso mpaka kalasi kutopa? Ndinaganiza kuti mizere yodula ya m'kope mwake ndi yongondiphimba m'maso. Ndinkati Lachitatu ndiitane bambo ake."

Adaika pensulo pa mndandandawo. "Kapena pali chimene ukufuna kundiuza?"

Kunja ana ankathamangira ku mzere. Wani adaona dzina lake pamwamba paja, lokongola, la inki. Akadangopukusa mutu, likadakhala pomwepo. Adakumbukira bambo wa shuga uja, amene sankadziwa n'komwe za pepala la m'bini.

"Wokopera ndine, aphunzitsi," adatero Wani. "Wayilesi sanakoperepo kwa ine ngakhale tsiku limodzi. Ndinkamunamiza kuti ndikumuonera ngati wakhoza. Ntchito yonse imene munachonga m'kope mwangamu kuyambira sabata yachitatu ndi yake. Yanga ndi yokwinyikayo."

A Onetsanjira adapuma mozama. "Ndiye kuti olakwitsa tilipo awiri. Inenso ndinathamangira yankho osaona njira."

Adatenga bolopeni yofiira, nadula mzere umodzi pa dzina la Wani. Dzinalo lidatsala likuwerengeka. Pambali pake adalemba dzina la Wayilesi, nasayina. Kenaka adatenga pensulo ija, ndipo pansi penipeni pa mndandanda, kunja kwa mayina makumi awiri ndi asanu aja, adalemba dzina la Wani mopepuka.

"Pensulo imafufutika, imathanso kudindidwa ndi inki. Kwatsala masabata awiri kuti titseke. Tsiku lililonse poweruka uzibwera muno ndi kope lonyansali. Lachisanu lomaliza udzaima pabolodi, kalasi yonse ikuona, udzayankhe mafunso atatu ukuonetsa njira. Ukadzakhoza, ndidzapempha ahedi kuti tiwonjezere desiki imodzi. Ukadzalephera, udzabwerera ku masamu a aliyense. Mndandanda ndipachika momwemu, ndi mzere wakewu."

"Ndamva, aphunzitsi."

"Ndipo mnzakoyo ukamuuze wekha. Imeneyo si ntchito yanga."

Wani adanyamula chikwama. Nambala wani inali itapita, ndipo Lachitatu sukulu yonse idzaona mzere wofiira pa dzina lake. Manyazi anali akadalipo, koma miyendo idamunyamula bwinobwino mpaka pachitseko chosatsekeka chija. Adachikoka.

Wayilesi anali ataima pomwepo, atatsamira khoma, chikwama chili pachifuwa. Adamutsatira kuchokera pageti paja kuti atenge kope lake belu lisanalire. Maso ake anali ofiira.

"Wayilesi, mnzanga, ndimati ndikuuze..."

Mtsikana amene ankayankhula ngakhale pa nthawi ya mayeso, amene aphunzitsi onse adalephera kumutontholetsa, adangotambasula dzanja. Wani adatulutsa kope lija namupatsa. Wayilesi adalitsekula, nawerenga manambala a pakona limodzilimodzi, kuyambira 1 mpaka 80, kuona ngati onse alimo. Atamaliza adalitseka n'kutembenuka.

Belu lidalira. Phunziro loyamba linali masamu, ndipo desiki ya awiriwa inali imodzi.